Wophunzira akapeza yankho mwa njira yomwe simunamuphunzitse

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mphunzitsi wina wa masamu, ndipo ikuti: "Ndimaphunzitsa pa CDSS ina m'boma la Dedza, ndipo chino ndi chaka changa chachiwiri pa ntchito. Masiku apitawa, pobwereza simultaneous equations ndi a Fomu 3, ndinapereka samu iyi: makope awiri ndi zolembera zitatu ndi K2,300, pamene makope atatu ndi zolembera ziwiri ndi K2,700, pezani mtengo wa kope ndi wa cholembera. Ndisanamalize n'komwe kulemba x ndi y pa bolodi, mtsikana wina wa kumbuyo anati kope ndi K700, cholembera ndi K300. Nditamufunsa, anati anaphatikiza zonse n'kupeza kuti makope asanu ndi zolembera zisanu ndi K5,000, ndiye kope limodzi ndi cholembera chimodzi ndi K1,000, n'kupitiriza kuchokera pamenepo. Ndinamuuza kuti njira ya kumsika imeneyo siingamuthandize pa MSCE, ndipo chiyambire tsikulo sanakwezenso mkono. Tsiku lina mnyamata wina anakakamira kuti popeza sin 30° ndi 0.5, ndiye kuti sin 60° ndi 1. Ndinangoti walakwa, anzake n'kumuseka. M'kalasi mwanga muli ana oposa 80 ndipo silabasi ndi yaitali. Kodi ndizitaya nthawi kumvetsera maganizo a ana? Nanga atanena zinthu zomwe inenso sindikuzidziwa, ulemu wanga sungathere pomwepo?"

Aphunzitsi, mtima ukhale m'malo. Zimene munachitazo palibe mphunzitsi wa masamu amene sanazichitepo, ndipo ine ndemwe, pa zaka zambiri zimene ndakhala ndikudya fumbi la choko, ndakhazikapo ana pansi ndi mawu akuti "si mmene ndinakuphunzitsirani" ndisanamve n'komwe zimene ankafuna kunena. Chomwe chandikondweretsa m'kalata yanu n'chakuti munazindikira kuti mtsikanayo wasiya kukweza mkono. M'kalasi yodzaza chotero, momwe ana ena amakhala atatu pa desiki, ambiri a ife sitikanadziwa n'komwe kuti pali mkono umodzi wasowa.

Tiyambe ndi mtsikanayo, ndipo apa ndinene mosapita m'mbali kuti njira yake ndi algebra yeniyeni, kungoti sinavale x ndi y. Tailembani m'zilembo muone. Equation yoyamba ndi 2x + 3y = 2300, yachiwiri ndi 3x + 2y = 2700. Iye anaziphatikiza n'kupeza 5x + 5y = 5000, kenaka anagawa ndi 5 n'kutsala ndi x + y = 1000. Kuchokera apo ayenera kuti anati makope awiri ndi zolembera ziwiri ndi K2,000, choncho K300 yotsala pa K2,300 ija ndi ya cholembera chachitatu. Kuphatikiza ma equation, kuwagawa, kuwachulukitsa ndi kuwachotserana ndi zomwezo zimene timachita mu njira ya elimination. Kusiyana kwake n'kwakuti ife timathamangira kufananitsa manambala a kutsogolo kwa x chifukwa buku latero, pamene iye anayamba waayang'ana manambalawo n'kuona kuti 2 ndi 3 angosinthana malo. Mwana wina akanatha kuona kuti pochoka pa K2,300 kufika pa K2,700 tangobweza cholembera chimodzi n'kutenga kope limodzi, ndipo ndalama yakwera ndi K400, kusonyeza kuti kope limaposa cholembera ndi K400. Imeneyonso ndi njira yolondola, ndipo ndi equation yomwe mungaipeze mutachotsa yoyamba ija pa yachiwiri.

Komabe mantha anu a mayeso sanali opanda pake. Wochonga mayeso a MANEB saona zomwe zili m'mutu mwa mwana, amaona zomwe zili pa pepala, ndipo pa masamu malikisi ambiri amakhala pa ndondomeko yofikira pa yankho. Mwana amene angolemba K700 ndi K300 popanda kusonyeza mmene wazipezera amataya malikisi ngakhale yankho lili lolondola. Palinso mafunso amene amatchuliratu njira, monga kuti mugwiritse ntchito girafu kapena quadratic formula, ndipo pamenepo mwana ayenera kutsata zomwe wauzidwa. Koma funso likakhala kuti silinatchule njira, ndondomeko iliyonse yovomerezeka pa masamu, yolembedwa momveka mzere ndi mzere, imafikitsa pa malikisi. Choncho chimene mtsikanayo ankafunika kumva ndi chakuti njira yake ndi yabwino, atsale n'kuilemba mwakuti munthu amene sanamuonepo aitsatire.

Zitatero, pali chachiwiri chimene ndikanachita. Ndikanasintha equation yachiwiri kuti ikhale makope asanu ndi zolembera ziwiri pa K4,100, n'kumuuza kuti ayesenso njira yake yomweyo. Akaphatikiza apeza makope asanu ndi awiri ndi zolembera zisanu pa K6,400, ndipo pamenepo palibe nambala yoti agawe nayo kuti atsale ndi kope limodzi ndi cholembera chimodzi. Aima pomwepo, akanda m'mutu, ndipo iye yemwe ndiye adzafunse kuti nanga zikatere timatani. Njira ya m'buku ikabwera pa nthawi imeneyo imabwera ngati yankho la funso lake, ndipo imakhazikika kusiyana ndi pamene tangoithira pa bolodi ana asanaone kufunika kwake.

Phunziro limeneli ine ndinaliphunzira kwa mwana. Chaka china ndinkaphunzitsa ma quadratic equation, ndipo pa bolodi panali x² − 10x + 21 = 0. Monga mwa masiku onse ndinawauza kuti asake manambala awiri amene akaphatikizidwa apereke 10 ndipo akachulukitsidwa apereke 21, ndipo kalasi yonse inali pa kalikiliki woyesa 1 ndi 21, kenaka 3 ndi 7. Mnyamata wina wosalankhulalankhula ankamaliza msanga nthawi zonse, moti ndinayamba kumukayikira kuti amaonera mayankho kumapeto kwa buku. Nditaima pa desiki yake ndinaona kuti m'mphepete mwa kope munali timanambala tinayi tokha: 5, 25, 4, 2. Anandifotokozera kuti iye kusakasaka kumamutopetsa, ndiye amatenga theka la 10, lomwe ndi 5, n'kulichulukitsa ndi lokha kupeza 25, n'kuchotsapo 21 kutsala 4. Square root ya 4 ndi 2, choncho manambala ofunikawo ndi 5 kuphatikiza 2 ndi 5 kuchotsa 2, kutanthauza 7 ndi 3. Ndinamuyankha mwaukali pang'ono kuti zangochitika mwamwayi, n'kumupatsa ina. Anaipeza. Ndinamupatsa yachitatu, anaipezanso.

Usiku umenewo ndinakhala pansi ndi pepala. Manambala awiri ophatikizana kupereka 10 amakhala pa mtunda wofanana kuchokera pa 5, wina kumtunda wina kumunsi, choncho tingawalembe 5 + d ndi 5 − d. Tikawachulukitsa timapeza 25 − d², ndipo imeneyi ikafanana ndi 21 ndiye kuti d² ndi 4. Mwanayo anali atapeza yekha completing the square, mutu umene ndinali ndisanafikepo, ndipo quadratic formula imene ana amailoweza ngati vesi ndi njira yomweyo yongolembedwa m'zilembo. Njira yakeyo inkagwiranso pomwe kusaka kwathu kuja kumakanika: pa x² − 10x + 23 = 0 palibe manambala athunthu amene angapezeke, koma iye akanangoti 25 kuchotsa 23 ndi 2, yankho ndi 5 + √2 ndi 5 − √2. Ndipo mukaika 30 m'malo mwa 21, kuchotsera kuja kumapereka −5, yomwe ilibe square root pa manambala amene timagwiritsa ntchito ku sekondale, apo ndiye kuti mwafika pa discriminant, nambala imene imasonyeza ngati equation ili ndi mayankho kapena ayi, musanaitchule dzina. Chomwe ndinafunika kumuwonjezera n'chakuti kutsogolo kwa x² kukakhala nambala ina yosakhala 1, ayambe wagawa equation yonse ndi nambalayo.

Patapita nthawi ndinadzadziwa kuti samu yomweyi, ndi manambala omwewa, ili m'buku la al-Khwarizmi, katswiri amene ankagwira ntchito ku Baghdad cha m'ma 820, buku lomwe m'dzina lake muli mawu akuti al-jabr amene anabala dzina lakuti algebra. Iye anaipeza ndi ndondomeko yomweyo ya theka, 25, 4 ndi 2, ndipo anailemba yonse m'mawu, wopanda x kapena chizindikiro chilichonse. Zizindikiro zinabwera mochedwa kwambiri: chizindikiro cha = anachiyambitsa Robert Recorde mu 1557, ndipo chizolowezi chogwiritsa ntchito x, y ndi z pa manambala osadziwika chinafala kuchokera kwa René Descartes mu 1637. Ndikaganizira zimenezi ndimaona kuti mwana wofotokoza samu yake m'mawu, ngati mtsikana wanu uja, akudutsa mmene algebra yeniyeniyo inadutsa.

Tsopano za mnyamata wa sin 60°. Yankho lake ndi lolakwa, pamenepo palibe kukangana, chifukwa sin 60° ndi pafupifupi 0.866. Koma maganizo amene anamufikitsa pa 1 si a mwana wosaganiza. Kuyambira ku pulayimale takhala tikumuphunzitsa kuti ngati mulu umodzi wa tomato ndi K500, milu iwiri ndi K1,000, ndipo lamulo limeneli silinamugwiritsepo mwala. Iye anangolitenga n'kulipititsa komwe silifika. Kumuuza kuti walakwa basi sikuchotsa lamulolo m'mutu mwake. Mawa adzalembanso kuti sin (A + B) ndi sin A + sin B.

Chimene chimachotsa maganizo amenewa n'kuona ndi maso. Tengani rula ya pa bolodi ya mita imodzi, kapena nsungwi yodulidwa mulingo womwewo, muitsamiritse pa khoma ngati makwerero. Ikapanga ngodya ya 30° ndi pansi, nsonga yake imagunda khoma pa masentimita 50, ndipo 0.5 uja ndi ameneyu. Muitaneni mnyamatayo alembe ndi choko pa khoma pomwe akuganiza kuti nsonga ifika ngodya ikakhala 60°. Mwa lamulo lake ayenera kulemba pa masentimita 100, koma kuti rula ya mita imodzi ifike pamenepo iyenera kuima chilili, yomwe ndi 90°. Akaiimika pa 60° aona kuti yafika pa masentimita pafupifupi 87. Mufunseninso kuti mwa lamulo lake sin 90° ikanakhala chiyani; akati 1.5, kalasi yonse iona kuti rula ya mita imodzi siingafike pa mita imodzi ndi theka. Madigiri 30 oyamba akweza nsonga ndi masentimita 50, achiwiri ndi 37 okha, achitatu ndi 13 basi, chifukwa rula ikamayandikira kuima, phazi lake limayenda kwambiri cham'mbali kusiyana ndi mmene nsonga yake imakwerera. Uzani wina ayezenso mtunda wochoka pa khoma kufika pa phazi la rula. Pa 30° apeza 87, pa 60° apeza 50, ndipo sipalephera kupezeka mwana wofuula kuti manambala angosinthana. Ameneyo wapeza yekha kuti sin 60° ndi cos 30° n'chimodzi.

Pali chinanso chimene mnyamatayo akuyenera kuuzidwa pamaso pa anzake amene anamuseka aja. Pa ngodya zing'onozing'ono lamulo lake limatsala pang'ono kukhala loona. Sin 5° ndi 0.0872, ndipo mukaichulukitsa ndi 2 mupeza 0.174, pamene sin 10° ndi 0.1736. Chifukwa chake chili mu lamulo lenileni lakuti sin 2A = 2 sin A cos A: ngodya ikakhala yaing'ono, cos A imayandikira 1 ndipo siisintha zambiri, koma pa 30° yatsika kufika pa 0.866 ndipo kusiyana kumaonekera. Simufunika kuphunzitsa lamulo limeneli tsiku lomwelo, koma inu mukalidziwa mungamuuze moona mtima kuti maganizo ake ali ndi malo pomwe amagwira, ndipo ntchito ndi kupeza pomwe amathera.

Muzu womwewu ndi umene umabala (a + b)² = a² + b², cholakwa chomwe chimatsatira ana mpaka m'chipinda cha mayeso. Ine ndimajambula dimba la mamita 10 mbali zonse, n'kuti mwini wake waliwonjezera mamita atatu m'litali ndi atatu m'lifupi. Dimba latsopano ndi 13 kuchulukitsa 13, yomwe ndi 169, pamene lamulo la anawo likupereka 100 kuphatikiza 9, yomwe ndi 109. Ndikawafunsa komwe kwapita 60 yotsalayo, amailoza okha pa chithunzi: timizere tiwiri ta 10 kuchulukitsa 3 m'mbali mwa dimba lakale. Ameneyo ndiye 2ab amene anawo amamuiwala pa a² + 2ab + b².

Zolakwa zina, kunena zoona, timadzala ndife aphunzitsi. Timakonda kunena kuti nambala ikawoloka chizindikiro cha = imasintha sign, ndipo pa x + 3 = 10 zimayenda bwino. Tsiku lotsatira mwana akumana ndi 2x = 10, awolotsa 2 uja, amusintha sign monga tinamuuzira, n'kupeza −5. Tikamuchonga ndi cholembera chofiira timaiwala kuti watsata mawu athu ndendende. Chimodzimodzi tikamati 3m + 2n ndi mango atatu ndi nthochi ziwiri pofuna kuti asaziphatikize, timawaphunzitsa kuti chilembo ndi chinthu, pamene chilembo chimaimira nambala. Ndipo ku pulayimale anaimba kwa zaka zambiri kuti 3 kuchotsa 7 sizingatheke, tikabwereke, ndiye akafika Fomu 1 ife timadabwa kuti manambala a negative akuwavuta. Mukamumvetsera mwana akufotokoza cholakwa chake, kawirikawiri mumamva mawu a mphunzitsi wina, mwinanso anu omwe, ndipo mumadziwa chimene muyenera kusiya kunena.

Koma ndikuchenjezeni kuti si njira iliyonse yopereka yankho lolondola imene ili yolondola. Mwana akhoza kufufuta 6 wa pamwamba ndi 6 wa pansi pa 16/64 n'kupeza 1/4, ndipo yankholo ndi loona. Achite zomwezo pa 19/95 apeza 1/5, loonanso. Mukamuyamikira msanga, mwamupatsa poizoni, chifukwa pa 12/24 njira yomweyo ipereka 1/4 pamene yankho ndi theka. Wina pa x² = 5x agawa mbali zonse ndi x n'kupeza 5, osadziwa kuti wataya yankho lina, lomwe ndi 0. Ndiye mwana akabwera ndi njira yachilendo, musaikane ndiponso musaivomere pomwepo. Ine ndimayamba ndi kumuuza afotokoze zomwe wachita, kenaka timaiyesa pa manambala ena, makamaka ovuta monga 0, 1, nambala ya negative ndi fraction, ndipo pomaliza timafunsa chifukwa chake ikugwira. Funso lomalizali ndi limene limasiyanitsa njira ya mnyamata wanga wa theka uja ndi ya wofufuta ma 6. Pa trigonometry muwonjezerepo kuyang'ana kakyuleta ya mwanayo musanatsutsane naye: ikakhala pa radian, muyezo wina wa ngodya, m'malo mwa madigiri, sin 30 imapereka −0.988, ndipo ndaonapo ana akulemba masamu tsamba lonse ndi njira yolondola koma mayankho onse olakwa pa chifukwa chimenechi chokha.

Pa nkhani ya nthawi mukunena zoona, ndipo sindikunamizani kuti mungamvetsere ana 80 m'piriyodi ya mphindi 40. Sizofunikanso kutero. Ana akamagwira samu, m'malo mokhala kutsogolo, yendani pakati pa madesiki mukusuzumira m'makope, ndipo muona kuti m'kalasi yonseyo njira zimene zikugwiritsidwa ntchito ndi zitatu kapena zinayi zokha. Sankhani ziwiri, ina yolondola ina yolakwa imene ambiri agweramo, muzilembe nokha pa bolodi popanda kutchula eni ake, n'kufunsa kalasi kuti ikambirane awiriawiri. Kusatchula mayina kumateteza mwana ku chipongwe cha anzake, makamaka atsikana amene akasekedwa kamodzi amatha teremu yonse ali chete. Zimenezi zimadya mphindi khumi, ndipo simuyenera kuchita tsiku lililonse. Zichiteni pa mitu imene mukudziwa kuti ana amagwa chaka ndi chaka. Mphindi khumi zimenezo n'zochepa poyerekeza ndi masabata amene timataya mu Fomu 4 kuphunzitsanso zomwe tinkati tinamaliza mu Fomu 2.

Mafunso enanso amatulutsa maganizo a ana mosavuta kusiyana ndi ena. Lina limene ndimalikonda linagwiritsidwa ntchito ndi Dietmar Küchemann pa kafukufuku wa ana a sekondale ku England m'zaka za m'ma 1970: chachikulu n'chiti, 2n kapena n + 2? Ambiri amati 2n chifukwa kuchulukitsa kumakuza, ena amati n'zofanana. Asiyeni akangane mpaka wina ayese n = 1, wina n = 2, wina n = 3, ndipo aona okha kuti yankho likudalira n. Mukafunsa funso lotere, dikirani. Mary Budd Rowe wa ku America anapeza kuti aphunzitsi ambiri amadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha asanayankhe okha kapena kuloza mwana wina, ndipo kuti akadikira masekondi atatu kapena kuposa, mayankho amatalika ndipo ana ambiri amayankhako. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kwa ana athu kudekhako n'kofunika kawiri, chifukwa ambiri amaganiza samu m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Chiyao kenaka n'kusaka mawu a Chingerezi. Mwana akakakamira pakati pa chiganizo, ine ndimamulola amalize m'chilankhulo chake, kenaka tonse timathandizana kuika zomwe wanenazo m'Chingerezi ndi m'zizindikiro, popeza mayeso adzalemba m'Chingerezi.

Trigonometry ili ndi mwayi wakuti mukhoza kuitulutsa panja. Musanawapatse tan, apititseni pa mlongoti wa mbendera kapena pa mtengo wa bulugamu muwafunse mmene angapezere kutalika kwake osakwera. Nthawi ina mtsikana wina anati tidikire mpaka chithunzithunzi cha munthu chifanane ndi msinkhu wake, chifukwa nthawi imeneyo chithunzithunzi cha mtengo chifanananso ndi mtengowo. Ndi nzeru yomwe nkhani zakale zimati Thales anayezera mapiramidi a ku Egypt, ndipo ndi tan 45° = 1 yosavala dzina. Kungoti musapite masana enieni, makamaka kuyambira chakumapeto kwa Okutobala mpaka kumayambiriro kwa Novembala ndiponso mu Febuluwale, pamene kuno kwathu dzuwa limadutsa pa liwombo penipeni ndipo chithunzithunzi chimathawira kumapazi. Piriyodi ya m'mawa kapena ya chakumadzulo ndiyo yabwino.

Za ulemu wanu, ndikumvetsa chifukwa chake zikukudetsani nkhawa. Tinakula tikudziwa kuti mwana satsutsa wamkulu, ndipo mphunzitsi wachinyamata amaopa kuti akangoti sakudziwa, mbiri ifika kumudzi konse tsiku lomwelo. Zomwe ndaona ine n'zakuti ana amazindikira msanga mphunzitsi amene akubisa umbuli ndi ukali, ndipo ameneyo ndi amene amamupatsa mayina kuseri. Mukanena kuti njira iyi sindinaionepo, ndikaiyesa kunyumba ndipo mawa tidzakambirana, kenaka mawa lakelo n'kubweradi ndi yankho, ulemu wanu umakula. Choopsa n'kulonjeza n'kusabwera nalo. Choopsa china n'chakuti kusadziwako kukhale kwa tsiku ndi tsiku pa zinthu za mu silabasi momwe. Pamenepo vuto ndi kukonzekera, ndipo mankhwala ake n'kugwira nokha samu iliyonse musanaipereke, mwa njira ziwiri ngati n'kotheka, n'kudzifunsa pomwe ana angapunthwe.

Zina simungathe nokha, ndipo safunsa anadya phula. Njira ya mwana ikakukanikani kuitsimikiza kapena kuitsutsa, pitani nayo kwa mkulu wa dipatimenti ya sayansi ndi masamu kapena kwa aphunzitsi anzanu a m'sukulu za cluster yanu. Maphunziro a SMASSE a aphunzitsi a masamu ndi sayansi a ku sekondale, amene anayamba kuno mu 2004 mothandizidwa ndi bungwe la JICA la ku Japan, amalimbikitsa zomwezi za kuika wophunzira pakati, kugwiritsa ntchito zipangizo zopezeka pamalopo ndi kuunikanso phunziro mukaliphunzitsa, choncho mwayi wopitako ukapezeka musauphonye, ndipo mupite ndi makope a ana anu m'manja. Kupempha mnzanu kuti akhale kumbuyo kwa kalasi yanu piriyodi imodzi n'kulemba mayankho onse a ana amene inu munawadumpha kumathandizanso kwambiri, ngakhale kumachititsa manyazi poyamba. Kumbali ya ana, samalani ndi amene zolakwa zake zilibe ndondomeko iliyonse, amene amakopera manambala molakwa kuchoka pa bolodi, kapena amene anali wochangamuka koma wangoti zii mwadzidzidzi. Wotereyu mwina saona bwino, mwina samva bwino, mwina kunyumba kuli mavuto, ndipo nkhani yake ifike kwa mphunzitsi wa kalasi, kwa ahedi ndi kwa makolo, kuti ngati n'kofunika akapimidwe kuchipatala kapena aonedwe ndi mphunzitsi wa ana ofunika thandizo lapadera. Amene wafika Fomu 3 osadziwa matebulo a kuchulukitsa kapena ma fraction afunika nthawi yapadera kunja kwa piriyodi, chifukwa kukambirana kwa m'kalasi kokha sikungatseke dzenje limenelo.

Tsono za ana anu awiri aja, musalole kuti teremu ithe nkhaniyi ili chomwecho. Mtsikanayo muyambe mwalankhula naye payekha, mumuuze kuti munakaiyang'ananso njira yake ndipo ndi yolondola, ndipo mumupemphe ngati angalole kuilemba pa bolodi. Akakana chifukwa cha manyazi, ilembeni inu n'kunena kuti inachokera m'kalasi momwemo. Pambali pake mulembe njira ya m'buku, kalasi ipeze mzere uliwonse wa njira ina mu inzake, kenaka mupereke samu ya K4,100 ija. Mnyamatayo mumupatse rula ndi choko pa piriyodi yotsatira ya trigonometry, ndipo ayeze ndi iyeyo, anzake aziwerenga masentimita pa khoma. Mukonzeretu protractor yaikulu ya pa bolodi kapena makatoni awiri odulidwa pa 30° ndi pa 60°, ndipo wina agwire phazi la rula kuti lisaterereke pa simenti.